Kadzidzi wa m'Nyumba ya Matumba

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene anyamata a chipani anagenda kadzidzi m'nyumba yosungiramo matumba a mpunga. Kadzidziyo anagwera pa simenti phiko litathyoka, maso ali tong'o.

Wosamalira nyumbayo, amene onse ankamutcha Ndevu, anamuvundikira ndi jekete. Mbalameyo inali itakhala kudenga zaka zambiri, ikudya makoswe.

Mwini nyumba, mlamu wake wa Ndevu, ankapikisana nawo pa chisankho. Analowa akupukuta thukuta.

"Alamu, chisiyeni chinthucho. Anthu akuti chatumidwa ndi adani anga."

"Chinabwera musanalote n'komwe za ndale, alamu."

"Ine sindikhulupirira zimenezo, mukundidziwa. Koma ovota amakhulupirira. Achione chikupsa chamoyo pabwalo."

Mnyamata wina anali atatsegula kale botolo la petulo. "Madala, kodi munakwatira kadzidzi?" Anzake anaseka. Ndevu atakana kusuntha, mmodzi anamumenya ndi chitsulo pamsana, wina namuponda m'nthiti. Ndevu anagwa chafufumimba pamwamba pa jekete, magazi akutuluka m'kamwa. Pansi pa chifuwa chake ankamva mbalame ija ikupuma mofulumira.

Analowetsa dzanja pansi pa jekete, napeza khosi la mbalameyo, nalipotokola kamodzi.

"Tengani," anatero. "Kaotcheni."

Anyamatawo anamutukwana poona kuti yafa kale, komabe anaikokera panja. Posakhalitsa fungo la nthenga zopsa linalowera pazenera. Ndevu anachukucha m'kamwa pampopi, natenga tsache, nayamba kusesa pakati pa matumba.