Pulogalamu Yodya Makolasi

Mapepala a nyimbo za kwaya ya mpingo wathu ndimasindikiza ndine, m'kashopu kanga pafupi ndi msika wa Mtendere. Ntchito imeneyi ndiyo imachirikiza shopu. Zina ndi makalata ofunsira ntchito a anyamata amene salembedwa n'komwe.

Mlamu wanga Clive, amene anaphunzira za makompyuta, anandilembera pulogalamu ya Python yoyeretsa mawu amene anthu amanditumizira pa foni. Imachotsa mipata yopanda pake ndi tinkhope toseka tija. Ine ndimangolemba dzina la pulogalamuyo pa windo lakuda la pa kompyuta, kenako dzina la fayilo, basi. Sanandiuze kuti imafufutanso mzere uliwonse wobwerezedwa. Inenso ndinasindikiza osawerenga.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza. Nyimbo zathu, woyambitsa amaponya mzere, anthu n'kuyankha, n'kubwereza mpaka thukuta. Papepala mzere uliwonse unalipo kamodzi. Otsatira pepala anamaliza nyimbo n'kukhala pansi kwaya idakali pakati. Ba Inonge, otsogolera kwaya, anatsala dzanja lili m'mwamba ngati akuimitsa minibasi.

Panja ba Inonge sanandipatse moni. "Ba Tamara, mwatichititsa manyazi. Nyimbo za Khirisimasi tizapeleka kwa wosindikiza wina ku Kalingalinga."

Ndinapita kwa Clive ndi nsapato zomwezo za kutchalitchi. Ndinamupeza akupukuta laputopu ndi malaya.

"Mulamu, chinthu chanu chadya makolasi."

"Awe, sichinalakwe. Munafunika kuikako --keep-repeats kuti chisafufute. Malangizo yonse yali mu --help."

"Ndani anachituma kufufuta? Ine?"

"Chimachita cheka ngati simunachiletse. Mau obweleza nthawi zambili ni zinyalala."

"Zinyalala! Mu Mtendere muno ndani amakamba chinthu kamozi? Amai anu amakuuzani kangati kuti mukwatile?"

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinakhala pa bedi lake ndi chikwama pamwendo n'kumuuza kuti sindichoka. Anasintha akung'ung'udza. Tsopano pulogalamuyo sifufuta mzere pokhapokha nditalemba ndekha --drop-repeats. Ndinamuuzanso kuti inki ndi mapepala atsopano akagule iye.

Lachiwiri ndinapereka mapepala okonzedwa kwa ba Inonge pa tebulo lawo la tomato. Anawerenga akuyimba chapansipansi, chala chikuyenda pa mzere uliwonse, mpaka kumapeto.

"Apa vili bwino," anatero, n'kundibwezera. "Koma za Khirisimasi tinapeleka kale ku Kalingalinga dzulo. Muzagulako tomato?"