Mbale Zokhota za a Okabe

Zaka makumi anayi a Okabe anakhala akuumba mbale zomwera tiyi kwathu kuno ku Hagi, ndipo zaka zonsezo mlandu wawo unali umodzi: mbale zawo zinkaongoka mopitirira muyeso. Mlomo wozungulira bwinobwino, pansi pokhazikika, osapendekera uku kapena uku. Pakati pa anthu amene amagwada theka la ola akusirira mng'alu wa pambale, luso lotere ndi tsoka lenileni.

Mayi Inagaki, mphunzitsi wamkulu wa mwambo wa tiyi m'tauni muno, ndiwo anali ndi mawu okweza kapena ogwetsa woumba. Ankanyamula mbale ya a Okabe, kuitembenuza kawiri, n'kuibweza mwaulemu wopweteka.

"Yabwino ndithu, a Okabe. Ili ngati ya kufakitale."

A Okabe anayesapo kukhotetsa dala, kudina pang'ono dongo lisanaume. Mayiwo anangoyang'ana kamodzi.

"Apa mwachita kudina ndi chala chachikulu, eti? Chilema chochita kupanga sichibisika."

Chakudza sichiimba ng'oma. A Okabe atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Anakwera sitima kupita kuchipatala cha mzinda wina, kumene sakanakumana ndi wowadziwa. Dokotala anawauza kuti ndi matenda a mitsempha, osachiritsika, koma mankhwala ochepetsa kunjenjemerako alipo. A Okabe anawerama, kuthokoza, ndipo atafika kwawo anaponya mankhwalawo mumtsuko wakale m'chisakasa choumbiramo. Kumwa kukanakhala kuvomera, ndipo munthu amene dzanja lake silinaphonyepo chibadwire sakanavomera zimenezo msanga.

Mbale zimene zinatuluka mu uvuni chaka chimenecho zinali zomvetsa chisoni. Ina mlomo wogwera mbali imodzi, ina mimba yotupa ngati ya mwana wokhuta mbatata. A Okabe anafuna kuziphwanya, koma akazi awo a Fumie anali atazisanja kale pashelefu ya m'sitolo yawo. Mayi Inagaki podutsa ananyamula imodzi, kuitembenuza, kuitembenuzanso, misozi n'kulengeza.

"Mwafika, a Okabe," anatero. "Mwasiya kulamulira dongo. Tsopano mukulimvera."

Mbiri inabuka. Anthu a magazini anabwera kuchokera ku Tokyo, ndipo a Okabe anawalandira atavala mkanjo wa manja aakulu, dzanja lamanja lili bisale m'katimo. Atafunsidwa chinsinsi chawo, anayang'ana kutali n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Dongo limadziwa kumene likupita." Mtolankhani analemba mwachangu ngati wamva mawu a mneneri. Kunena zoona a Okabe zinawakomera. Zaka makumi anayi za njala ya chitamando si masewera. Koma mantha nawo sankawachoka. Tsiku limene anthu adzaone dzanjalo, nzeru zonsezi zidzasanduka matenda chabe, iwo n'kutsala nkhalamba yabodza.

Kunyumba nkhaniyi sinkatchulidwa. Kungoti a Fumie anayamba kuthira msuzi wa soya wotchedwa miso theka la mbale, nsomba n'kumabwera patebulo minga yochotsachotsa, ndipo pambali pa timitengo todyera pankapezeka supuni imene palibe anaipempha.

Masamba atayamba kufiira, kalata inabwera. Mayi Inagaki anakonza mwambo wa tiyi m'kanyumba ka kukachisi, alendo asanu olemekezeka, ndipo ankapempha kuti mwini mbale apange yekha tiyi pamaso pawo.

"Muwauze kuti mwadwala chimfine," anatero a Fumie akupinda zovala.

"Chimfine cha chiyani? Ine ndili bwinobwino."

"Inde, bambo. Muli bwinobwino. Ndiye chifukwa chake malaya anu onse muli madontho a msuzi."

"Supuni zako zija n'zoterera."

"Ee, zayamba kuterera chaka chino."

A Okabe anaphunzira masiku khumi ali okha m'chisakasa. Anapeza kuti akapanikiza chigongono m'nthiti n'kusunga mpweya, dzanja limamvera kwa kanthawi. Kanthawi komweko ndiye kanali chiyembekezo chawo chonse.

Tsikulo linafika. Alendo analowa chokwawa pakakhomo kakang'ono, n'kugwada mondondozana pamkeka. A Fumie anali kuseri kwa chitseko cha pepala, kumene amatsukira ziwiya. Mumphika wachitsulo madzi ankalira pang'onopang'ono.

Poyamba zinayenda. A Okabe anapukuta mbale, anatapa ufa wa tiyi kawiri osataya. Kenako inakwana nthawi ya kachikho ka nsungwi kotungira madzi, kaja ka mpini wautali. Amene anakonza kachikho kameneka analibe chifundo: dzanja likanjenjemera pang'ono kumpini, kunsonga kumakhala gule. A Okabe anatunga madzi, n'kusunga mpweya. Kachikho kanagunda mlomo wa mphika, kho kho kho, madzi otentha khavu pamkeka, ena pabondo lawo. Anayesa kutakasa tiyi ndi otsalawo, koma kamthiko kankangogogoda m'mbali mwa mbale mpaka thovu lobiriwira linadonthera pansi.

Alendo amene m'mawa womwewo anaima nthawi yaitali akuyamikira mwala wogumuka wa m'munda, tsopano aliyense anapeza chochititsa chidwi pamaondo pake.

Mayi Inagaki, poti ndi katswiri, sanachedwe kupeza pothawira.

"Mwaona, alendo athu?" anatero akumwetulira. "Ngakhale popanga tiyi, a Okabe akukana ungwiro. Madzi nawo amadziwa kumene akupita."

Alendo anapuma, mitu n'kuyamba kugwedezeka. Wina mpaka anang'ung'udza kuti, "Zakuya zimenezi." Khomo lothawira linali lotsegula. A Okabe akanangowerama modzichepetsa, bwenzi mwezi wotsatira anthu theka la tauni akutayira dala madzi pamikeka.

Koma bondo linali kuwawa, ndipo munthu amene wapsa ndi madzi otentha sachedwa kutopa ndi nzeru zakuya. Anayang'ana dzanja lawo likuvina lokha pantchafu, ndipo kwa nthawi yoyamba analimvera chisoni m'malo mwa manyazi. Linawagwirira ntchito zaka makumi anayi osadandaula, iwo n'kumalibisa ngati mwana wakuba. Anapinda mkono wa mkanjo mpaka m'chigongono, n'kuliika poyera.

"Aphunzitsi, si nzeru ayi. Ndi matenda. Dzanjali layamba kunjenjemera chaka chino. Mbale zonse zija, iyi yomwe, ndinkafuna ziongoke. Ndinkalimbana nazo mpaka thukuta. Dongo silidziwa kanthu, Aphunzitsi. Ndi dothi."

Mlendo wina anayang'ana mbale ija mwakachetechete, mmene munthu amayang'anira nsomba akauzidwa kuti ndi ya dzana. A Okabe anadikira kuti mayiwo akwiye, ndipo anadabwa kuona kuti mtima wawo wapepuka ngati atula mtolo wa nkhuni.

Mayi Inagaki anakhala kanthawi akusisita mphepete mwa lamba wawo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, nkhope yodzaza nkhawa yeniyeni.

"Pepani kwambiri, a Okabe. Nanga... mankhwala ake alipo?"

"Alipo. Akuti amachepetsa kunjenjemera."

"Ooh." Nkhawa ija inakula. Anayang'ana mbale, anayang'ana dzanja, anayang'ananso mbale. "Komatu mankhwala a masiku anowa... musafulumire nawo."

Chitseko cha pepala chinatseguka. A Fumie analowa chogwada, chopukutira m'manja, anawerama mpaka chipumi pafupi ndi mkeka monga mwambo ufunira, n'kuyamba kupukuta madzi pafupi ndi bondo la amuna awo.

"Ayamba kumwa lero lomwe, Aphunzitsi," anatero osadzutsa mutu. "Mbale zokhota muli nazo zokwanira. Ine mwamuna ndili naye mmodzi."