Madesiki Osowa Kopita

Madesiki anali atadzaza shedi mpaka kudenga, akununkhira vanishi, koma kalipentala sankafuna n'kuwayang'ana komwe. M'mawa umenewo anapita kusukulu imene inamupatsa oda ya madesikiwo kukanena kuti ntchito yatha. Msungichuma wa sukuluyo anamulandira ndi nsangala, kenako n'kumupempha chinthu chimodzi chokha: satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Popanda pepala limenelo komiti ya sukuluyo sikanalandira desiki ngakhale limodzi, ndipo ana anali kutsegulira sabata yotsatira.

"Zinalembedwatu mu mgwirizano, bambo," anatero msungichumayo. Zinalembedwadi, koma mkulu wathuyu posayina anangowerenga pamene panali mtengo.

Kuofesi ya msonkho ndiye kunali chimutu. Mayi wa pakauntala anagogoda pakompyuta, n'kumuuza kuti bizinesi yake ili ndi zilango za ndalama za zaka ziwiri chifukwa chosapereka malipoti a msonkho. Atamva kuchuluka kwake, kalipentala anangotembenuka n'kutuluka.

Zaka ziwiri zimenezo ankazidziwa bwino. Ndi pamene sowo inamudula zala ziwiri, iye n'kutseka shedi. Anatsitsa chikwangwani, anakhoma loko, n'kukakhala kunyumba akudya thukuta la mkazi wake wogulitsa zovala. M'maganizo mwake, kutsitsa chikwangwani ndiko kunali kutseka bizinesi. Mkaziyo anafunsapo ngati sikunali koyenera kukawauza a msonkho, koma tsiku limenelo alamu ake, mchimwene wa mkaziyo, analipo. Alamuwa ndi dalaivala wa lole, munthu wosasowa yankho pa nkhani iliyonse, kuyambira matenda a nkhuku mpaka malamulo a dziko.

"Mukawauze chiyani?" anatero alamuwo. "Simukugulitsa kanthu, ndiye msonkho ukhala wa chiyani? Wa zala? Khalani phee, alamu. Mukangoonetsa nkhope kumeneko mwadziputira nokha."

Anakhaladi phee, mpaka oda ya madesikiyi inamutsegulitsanso shedi. Tsopano atabwerera kunyumba kuchokera kuofesi ya msonkho anakhala pampando osavula ndi nsapato zomwe. Chimene chinkamudya mumtima si zilangozo ayi, koma makina ake opalira matabwa. Matabwa onse a madesikiwo anawatenga pangongole, ndipo chikole chake chinali makinawo. Ndi dzanja lopunduka lija, kupala pamanja sakanathanso.

"Abambo, tiyeni tikaonane ndi akauntanti aja a pamwamba pa sitolo ya mankhwala," anatero mkazi wake.

"Ndalama zowalipira zichokera kuti?"

"Nanga zolipira zilangozo zichokera kuti?"

Alamu atamva, anabwera ndi nzeru zina. "Za akauntanti n'za makampani akuluakulu. Ine ndikudziwa mnyamata wina, satifiketi imeneyo akupangirani lero lomwe pakompyuta, sitampa ndi zonse." Kalipentala anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo kunena zoona mtima unamuyesa. Mkazi wake ndiye anadula nkhaniyo: "Achimwene, mwatiphera shedi, tsopano mukufuna mutiperekeze kundende?"

Ofesi ya akauntanti inali kachipinda kakang'ono, tebulo limodzi ndi fani yolira. Akauntantiwo anali mayi wachikulire, wa magalasi, wosafulumira kuyankhula. Anamvetsera zonse, n'kufunsa ngati pali mapepala a kuchipatala a nthawi ya ngoziyo. Analipo.

"Bambo, kwa a msonkho bizinesi sitsekedwa ndi loko," anatero. "Mukalembetsa, iwo amayembekezera lipoti nthawi iliyonse yoikika, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Mukanalemba kuti palibe chimene mwapeza, kapena kuwadziwitsa kuti mwayamba mwaima, simukanalipira kalikonse."

"Kalikonse?"

"Ngakhale kakobiri. Inali ntchito yoti ndikanakuchitirani tiyi wanga asanazizire."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa sowo ija. Anafunsa mtengo umene mayiyo amalipiritsa mabizinesi ang'onoang'ono pamwezi, ndipo atauzidwa anangoweramitsa mutu. Sunkafika n'pa mtengo wa desiki limodzi.

"Ndiye mungandipezere satifiketiyo sukulu isanatsegulire?"

Akauntanti anavula magalasi. "Sindikunamizani. Malipoti onse otsalira ndilemba. Ndipempha kuti akuchepetsereni zilango chifukwa cha ngoziyo, zotsalazo muzilipira pang'onopang'ono. Mwayi ulipo. Koma pempho lotere limadutsa m'manja ambiri, ndipo sabata imodzi siyokwana."

Anayesa ndithu. Mayiyo analembera sukulu kalata yofotokoza kuti nkhaniyo ili m'njira, ndipo kalipentala anaipereka yekha atavala jekete lake la ku ukwati. Msungichuma anaiwerenga mwachifundo, koma anati malamulo a komiti sangawasinthe, ndipo ana sangakhale pansi kudikira pepala. Oda inapita kwa kalipentala wina wa kutsidya kwa msewu.

Anazungulira masukulu ena, koma aliyense anali atagula kale. Anatulutsa madesiki angapo panja pa shedi kuti mwina odutsa agule. Anthu ankaima, n'kusisita thabwa, n'kuyamikira ntchito, kenako n'kufunsa ngati alibe tebulo la pabalaza. Ndani angagule desiki la ana awiri loika m'nyumba? Alamu nawo anapeza ulendo wautali wa lole, foni yawo n'kusiya kupezeka.

Wogulitsa matabwa anadikira mpaka kumapeto kwa mwezi, kenako anabwera ndi galimoto ndi anyamata ake. Sanakalipe. Anali munthu woti akhala akugulitsana zinthu kwa zaka zambiri, ndipo ankayankhula akuyang'ana pansi.

"Achimwene, nanenso eni matabwa andikhalira pakhosi."

"Ndikudziwa," anatero kalipentala.

Anyamatawo anayamba kukoka makinawo mwankhanza, chitsulo chikukhulika pasimenti. Kalipentala anapirira pang'ono, koma analephera. Anavula jekete, n'kumasula lamba wa makinawo bwinobwino, n'kukulunga mipeni yake m'chiguduli.

"Osagwira pamenepo, mukhotetsa," anatero. "Gwirani pansi. Tiyeni, pamodzi."

Ananyamula nawo mpaka m'galimoto, n'kumanga yekha chingwe kuti asagwedezeke m'njira. Mkazi wake anaima pakhomo la shedi atagwira pakamwa. Galimoto itanyamuka, foni inalira m'thumba. Anali akauntanti, kumuuza kuti pempho lija lavomerezedwa, zilango zachepetsedwa, ndipo satifiketi akhoza kukatenga.

"Zikomo, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Ndikatenga mawa. Lero ndilibe mphamvu."

Phunziro: Bizinesi yolembetsedwa imakhalabe ndi udindo kwa a msonkho ngakhale itaima. Musadalire malangizo a m'bale amene sadziwa malamulo, ndipo musadikire kuti zinthu zithine. Funsani akauntanti poyamba bizinesi, poyendetsa, ngakhalenso poyimitsa, chifukwa thandizo lobwera mochedwa silibweza zimene zapita kale.