Mazira a pa Thanthwe la Omara

Orun anamva ndi zipsepse zake kuti madzi akuchoka. Anali atazinga mazira a mkazi wake pathanthwe, akuimba nyimbo ya mtundu wathu monga bambo aliyense wa Akethu amachitira mpaka ana ataswa. Koma msana unayamba kumuwotcha. Dzuwa linali litamupeza.

Kwathu ku Kethu, nyanja isanawire n'kutithamangitsira m'zombo zamumlengalenga, mwezi unali umodzi ndipo madzi sankasuntha. Kuno ku Omara miyezi ndi itatu, ndipo ikakumana imakoka nyanja mpaka matanthwe kukhala pamtunda. Eni dziko, Aduni, anatichenjeza. Ife, ndi matama athu, obwera opanda ngakhale phanga lathulathu, tinati angatiuze chiyani anthu oyenda ndi ana m'kamwa ngati chakudya.

"Alamu, tiyeni kunsi," anatero Hesko, mchimwene wa mkazi wake, atasuzumira kumphepete kwa thanthwe. "Kapena mukufuna tikakutoleni mutauma gwa?"

Orun anadula nyimbo pang'ono. "Nanga awa?"

"Mukufunsa ngati mlendo bwanji? Dzira silichoka pomwe mayi wake analiikira. Mukalisuntha, mwanayo alibe mtundu. Asiyeni, mlongo wanga adzaikira ena."

"Ena ati? Mwaiwala mmene anadwalira m'chombo muja? Awa ndi omaliza."

Hesko anayang'ana kumbali. Madzi anali atatsika kufika m'mapewa mwa Orun, ndipo mazira a m'mwamba anayamba kuyera. Mwa limodzi ankaona timaso tiwiri takuda tikuyendayenda. Anachita mantha, mantha enieni, osadziwa chomwe ankaopa kwambiri: ana akufa, kapena ana amoyo amene palibe Mkethu adzawatchule dzina.

Anaweramitsa mutu n'kutsegula pakamwa.

"Alamu, mukutani? Akuluakulu akukuonanitu kunsiku. Mwasanduka Mduni?"

Orun anapitiriza kutola ndi milomo, limodzilimodzi, kuopa mano ake omwe. Koma pakamwa pa Mkethu si pa Mduni. Mpapang'ono, ndipo panadzaza thanthwe likadali ndi mazira ambirimbiri. Anayesa kukankhira lina, linakana. Anayang'ana Hesko, akuloza otsalawo ndi dzanja. Hesko anatseka pakamwa pake zolimba n'kumira.

Madzi anali atatsala ofika m'chigongono basi. Orun anadzikoka chamimba, mamba akusupuka pamiyala, mpweya wouma ukumubaya m'khosi, mpaka anagwera m'madzi akuya. Atatembenuka, thanthwe lonse linali pamtunda, likung'anima padzuwa.

Anthu anamupatukira njira. Ena anatembenuza ana awo kuti asaone.

Tiale, mkazi wake, anali m'phanga lomwe Aduni anatibwereka, akadali wofooka.

"Bambo, nyimbo ija yaleka bwanji?" anafunsa. Kenako anaona masaya otupawo, ndi magazi akufuka pamimba pa mwamuna wake. Anayandikira pang'onopang'ono.

"Onse?"

Orun anangomuyang'ana, ndipo Tiale anamvetsa. Kulira kunayamba kukwera kukhosi kwa Orun, milomo ikufuna kupatukana.

Tiale anamugwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Musalire, bambo," anatero chapansipansi. "Muwataya."