Makaseti a Lawrence

A Clara, azakhali a Lawrence, anali atatenga kale jumbo yakuda ya zinyalala pamene Edwina ankatsika masitepe. Patebulo panali katoni yotsegula, ndipo amayi atatu a kutchalitchi ankayiyang'ana ataima chapatali.

Panali patapita masiku anayi chiikireni Lawrence, mwamuna wa Edwina, m'manda ku Rotherham. Amayiwo anabwera kudzasesa m'nyumba monga amachitira kumudzi: kuchapa, kupinda zovala za malemu, ndi kupatula zopita kwa abale. Katoniyo inafika m'mawa womwewo kuchokera ku Ireland.

"Mwananga, bwera uone zimene akutumizira," anatero azakhaliwo, omwe anali alongo awo a bambo ake a Lawrence. "Pamaliro anthu amatumiza khadi. Nanga izi n'chiyani?"

Edwina anasuzumira. Munali makaseti asanu ndi awiri. Pazikuto zake zakuda anajambulapo nkhalango youma, zigaza, ndi mbuzi ya nyanga zinayi. Dzina la gulu linalembedwa ngati minga yolukana, moti silinkawerengeka. Pamwamba panali kalata ya Terence, mzungu amene ankaimba ndi Lawrence pa zaka zimene ankaphunzira ku Limerick. Analemba kuti zimenezo ndiye nyimbo zonse zimene kagulu kawo koimba nyimbo zaphokoso zotchedwa black metal kanajambula kasanathe. Sizinaimbidwepo pawailesi, ndipo makaseti ena a nyimbo zomwezo anasowa kalekale. Awa ndiwo otsala, ndipo m'nyimbo iliyonse woimba ng'oma anali Lawrence.

"Ndi nyimbo za amuna anga," Edwina anayankha motsitsa mawu. "Ankaimba ng'oma."

"Lawrence wathu wa kwaya yemweyu?" anafunsa Asimenye, namwino wa ku Leeds amene anabwera atangoweruka shifiti. "Zamtundu umenewu ndinazimvapo m'galimoto mwake. Ndinkayesa injini yafa. Munthu kukuwa ngati akumuzula dzino popanda jakisoni!"

Amayi enawo anaseka pang'ono, kenako anakumbukira pamene ali.

"Musaseke," anatero azakhali. "Mwana wamphamvu zake, kungogwa akunyamula makatoni kuntchito. Madokotala akuti mtima. Mtima umangoima wokha? Zinthu ngati izi ndi zimene zimaitana zoipa. Tizipempherere, tizitaye. Zisagone m'nyumba muno."

Edwina anayang'ana pansi. Mawu amenewo sanali achilendo kwa iye. Atatsala pang'ono kukwatirana, iye yemweyo ndiye anauza Lawrence kuti makaseti akewo asadzalowe m'nyumba yachikhristu. Lawrence sanatsutse. Anangoti, "Chabwino, mayi," n'kuwasiya ku Ireland. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala limodzi, koma Edwina sanamvepo nyimbo zimenezo ngakhale imodzi.

Azakhali anatola kaseti yoyamba. Anaikola ndi chikhadabo n'kuyamba kusolola chingwe chake chabulauni, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Chingwecho chinaunjikana pakapeti mpaka chinaduka. Anatambasula dzanja kuti atenge yachiwiri.

"Azakhali, siyani."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, koma aliyense anawamva.

"Wati bwanji?"

"Ndati musiye, chonde. Tengani masuti, nsapato, wotchi, chilichonse. Izi zokha mundisiyire."

"Kuyambira liti namfedwa amalamula katundu wa malemu? Katundu uyu amaona ndi achibale a mwamuna. Ulaya wakuiwalitsa?"

"Sindinaiwale, azakhali."

"Ndiye tamvera. Ine ndachoka ku Salford kudzagona nawe pansi sabata yonse. Ukasunga zimenezi, ine muno sindigonamo. Ndipo amayi awa usawayembekezere Lachinayi kudzapemphera."

Edwina anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. Anali anthu omwe anamusambitsa nkhope tsiku limene analandira foni ya kuchipatala, omwe anamuphikira ndi kumugwira pamanda. Ku England kuno analibenso wina. Anawerama, natseka katoniyo, n'kuikumbatira pachifuwa.

Palibe anakalipa. Azakhali analongedza chikwama chawo mwakachetechete, navala jekete, n'kutuluka kupita kokwerera basi. Amayi awiri anawatsatira, zovala zopindidwa theka zili pampando. Asimenye anatsalira pakhomo ngati akumanga nsapato.

"Muli nacho chomvera, achemwali?" ananong'ona.

Edwina anapukusa mutu. Zimenezo anali asanaziganizire n'komwe.

"Kwathu kuli chiwailesi chakale cha makaseti. Ndibweretsa Loweruka. Koma musanditchule."

Lachinayi linadutsa popanda wogogoda. Azakhali sanayankhe foni. Loweruka masana Asimenye anasiya wailesiyo pakhomo n'kuthamangira kuntchito.

Edwina anakhala pansi pabalaza, naika kaseti yachiwiri. Poyamba kunangomveka phokoso la mphepo. Kenako timitengo toimbira ng'oma tinagundana kanayi, ndipo munthu wina chapatali anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene Edwina akanakudziwa ngakhale pakati pa msika. Magitala analira, mzungu anayamba kukuwa, ndipo pansi pa zonsezo ng'oma zinkathamanga ngati mvula ya matalala pamalata.

Nyimboyo inali yoipa monga momwe ankaganizira. Anaimvera mpaka kumapeto, misozi ikugwera pamaondo. Itatha anabweza kasetiyo kumayambiriro kuti amvenso kusekako.