Utoto wa a Pulofesa Sutayikira

Ku Arbo, m'mbali mwa mtsinje wa Miño, aliyense amaidziwa lampreya ndi m'kamwa. Ndi nsomba yonga mkunga, yopanda nsagwada, kamwa lake lozungulira ngati la msundu. Amaiphika m'magazi ake omwe, kuthiramo vinyo, nadyera mpunga. Uxía Lourido, mwana wa msodzi Xenaro, ndiye yekha anafuna kuidziwa ndi m'mutu.

Anali pa yunivesite chaka chachinayi, akufufuza mitsempha ya m'nthiti mwa nsombayi, imene imamva kugwedezeka kwa madzi n'kutumiza uthenga ku ubongo. Ntchito yake inali ya kudikira. Amadula mtsempha wa kumanzere wa kamwana ka lampreya, kuikapo kambewu ka utoto wofiira ndi nsonga ya singano, kutsekera m'botolo mumdima. Utotowo umakwawa wokha ndi mtsempha, masabata asanu ndi limodzi, mpaka kuonetsa pamene mtsemphawo wathera.

Pa maikulosikopu, timaulusi tofiira tambiri tinaima kumanzere kwa ubongo, monga linanenera buku la mphunzitsi wake, Pulofesa Celso Vilariño. Koma tina, tochepa, tinaoloka kupita kumanja. M'bukumo munalibe zimenezo.

"Utoto wako watayikira," anatero a Vilariño atasuzumira kamodzi. "Manja a usodzi amenewo. Fufuta mzerewo pachithunzi."

"Ndabwereza kasanu ndi kawiri, a Pulofesa."

"Ndiye walakwitsa kasanu ndi kawiri. Ukaufufuta ndisaina lipoti lako Lachisanu. Ukapanda kutero, digiri udikire chaka chamawa."

Loweruka anapita kwawo, napeza bambo ake akukhetsera magazi a lampreya m'mbale.

"Mzere umodzi wokha?" anatero a Xenaro. "Fufuta, mwana iwe! Nsomba ikakusumira kukhoti?"

"Mzerewo ulipo, bambo."

"Makani ngati amayi ako. Zaka zinayi ukusenda mitu yosakwana n'chala chomwe, anzako akukwatiwa. Tiana ta lampreya ndi takhungu, timangokhala m'matope. Tingakhale ndi nzeru zanji? Kungoti ukatifukula, dzuwa likangotigunda kumchira, timathawa ngati taona wapolisi."

Uxía anaika foloko pansi. "Kumchira?"

"Kumchira. Mutu uphimbe ndi chala, tithawabe. Funsa aliyense wokumba nyambo."

Lolemba Uxía analowa mu ofesi ya a Vilariño atanyamula chidebe cha mchenga ndi tiana ta lampreya, nsapato zili matope. Anachikhazika pa tebulo, pamwamba pa mapepala.

"Iwe, muno ndi pamsika?"

Uxía anaphimba mutu wa kamwana kamodzi ndi kapepala kakuda, nawalitsa tochi kumchira. Kanapindika, kanakumba mchenga, kanasowa.

"Khungu la kumchira limamva kuwala, zimenezo n'zakale," anatero a Vilariño.

"Nanga uthengawo umadzera kuti? Ine ndikuti umakwera ndi mtsempha womwewu, ndipo timaulusi take ndi tija tikuolokati. Sindifufuta." Anatulutsa singano ndi kabotolo ka utoto. "Mwati manja anga ndi a usodzi. Ikani ndi anu. Paja mumatiuza chaka chilichonse kuti utoto wanu sunatayikirepo."

"Ukudziwa kuti masabata asanu ndi limodzi akupitirira Lachisanu?"

"Kuwerenga ndimatha."

"Chaka chathunthu, chifukwa cha kamzere!"

"Chaka n'changa. Singano iyi."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete. Panali patapita zaka makumi awiri asanagwire singano, ndipo kambewu koyamba kanagwera pa tebulo. Uxía anayang'ana kudenga. Kachiwiri kanakhala pamalo pake, bwinobwino, pakuti dzanja linali lisanaiwale. Botolo analitsekera m'kabati yawo, kiyi m'thumba.

Lachisanu linadutsa osasaina. Anzake awiri a Uxía anamaliza, nachita phwando, iye anapitako, navina, wina atamufunsa anangoti, "Nsomba yanga ikadali pamoto." Bambo ake sanamulankhule masabata awiri, kenaka anamutumizira chidebe china cha tiana, popanda uthenga.

Tsiku litakwana, a Vilariño anadula okha ubongo uja, naika okha pagalasi. Anawerama pa maikulosikopu. Anapukuta magalasi awo a maso, naweramanso. Uxía anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Mwina watayikira," anatero Uxía.

"Utoto wanga sutayikira!"

Timaulusi tofiira tija tinali titaolokanso kupita kumanja. Mkuluyo anatambasula dzanja osacheuka.

"Pensulo."

Anatsitsa buku lawo pashelefu, natsegula pa chithunzi cha ubongo, najambula kamzere kochokera kumanzere kupita kumanja. Anakajambula mopepuka kwambiri.

"Sikakuoneka, a Pulofesa," anatero Uxía. "Dindani."

Anadinda mpaka nsonga ya pensulo inathyoka.

"Chaka chija chapitabe," anatero, akutseka buku. "Malamulo si ine."

"Ndikudziwa. Pakhala nthawi yokwanira kuti tione ngati timaulusi tija timaolokanso mwa nsomba zikuluzikulu." Ananyamula chidebe chake. "Bambo akuti zikukwerabe mtsinje. Mudzabwere ndi nsapato za matope, ndipo mutu musadye. Mitu ndi yanga."