Zimene Milomo Yanga Inkanena

Tinasamukira ku Nkope chaka chimene bambo a Lizzie anatumizidwa kukaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya kumeneko. Kwathu ndi ku Ntcheu. Lizzie anali asanayambe kuyenda, ndipo ine ndinali ndisanazolowere kutentha, udzudzu, ngakhale Chiyao chimene anthu ankayankhula ndikamadutsa. Ndinkaonetsetsa chilichonse: amene wandipatsa moni, amene wangondiyang'ana. Amuna anga ankandiseka kuti ku sekondale ndinaphunzira kuwerenga nkhope za anthu ngati mayeso.

Kunamveka kuti a Pulezidenti abwera kudzayendera mbewu, motero masana aliwonse amayi tinkasonkhana pabwalo la mpira kuphunzira gule ndi nyimbo za chipani. Ndinkapita nditabereka Lizzie. Khadi la chipani ndinali nalo, nsalu yake ndinali nayo, nyimbo ndinkazidziwa.

Tsiku lina ng'oma zitaleka, mayi Jestina, amene anali tcheya wa amayi, anandikodola.

"Akazi a aphunzitsi, inu mumaimba nyimbo yanji?"

"Yomwe tikuimbayi, mayi."

"Iyayi. Maso ndili nawo ine. Anzanu akamaimba, pakamwa panupo pamayenda zina. Sizinayambe lero. Mumanena chiyani? Mumatukwana ndani?"



"Kapena ndinu a Mboni obisala?" anapitiriza motsitsa mawu. "Loweruka mudzandiuze. Mukakanika kundiuza ine, mukawauza a tcheyamani a chipani, ndipo iwo safunsa mmene ndikufunsira inemu."

Masiku amenewo a Mboni za Yehova anali oletsedwa. Dzinalo likangokumata, ntchito inkatha, mwinanso nyumba n'kupsa. Nditawafotokozera bambo a Lizzie, anasiya makope amene ankachonga.

"Doris, tidya chiyani akandichotsa? Umanena chiyani kwenikweni?"

"Sindikudziwa."

"Pakamwa pako pomwe?"

"Ndikuti sindikudziwa!"

"Ingokanena kuti umapemphera, basi."

"Akandifunsa mawu ake ndikati chiyani? Ndipo mukudziwa kuti sindipemphera."

Ankadziwadi. Lizzie si mwana wathu woyamba. Woyamba anali Thomson, amene anatentha thupi tili ku Ntcheu. Ndinagwada pambali pa bedi lake kuchipatala mpaka mawondo kutupa, koma anapita. Kuchokera pamenepo kutchalitchi ndinkapitabe, maso ndinkatseka pamodzi ndi anzanga, koma mumtima ndinkangokhala duu. Sindinkatukwana Mulungu ayi. Ndinangosiya kumuyankhula, monga amachitira munthu ndi m'bale amene anam'mana moto.

Ndinayamba kudzilonda. Ndinkaima pagalasi n'kumayang'ana milomo yanga, koma inkangokhala phee. Ndikamasesa kapena kuchapa ndinkadzidzimuka nditamva ngati ndangomaliza kunena kanthu, koma mawuwo anali atathawa kale. Ndinayesa kuluma mlomo. Ndinayesa kuika kamtengo ka machesi pakamwa. Ndinafika podzifunsa ngati mwina ndinkatukwanadi osadziwa, chifukwa mumtima mwa munthu mumakhala zambiri. Nanga ndikanati ndikutchula mayina a akuluakulu?

Lachisanu ndinapita kwa Mwanabibi, mnansi wathu wachisilamu, mkazi wa msodzi wina dzina lake Yasini. Ndinam'peza akuyanika usipa pathandala.

"Anzanga, ndikupempheni kanthu. Lero kubwalo muime pafupi ndi ine, mundimvetsere zimene ndimanena."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Amake Lizzie, mpaka kubwalo? Ine ndakhala ndikukumvani kalekale. Pamjigo, pochapa, ngakhale muja tinkadikira basi ya ku Monkey Bay."

"Ndimati chiyani?"

"Ndimayesa ndi mmene mumaswalira Akhristu. Ife timayala mkeka, inu mumangoyenda nazo."

"Chonde, ndimati chiyani?"

Anasiya kuseka, n'kuyang'ana Lizzie kumbuyo kwanga. "Mumati, 'Ambuye, uyu yekha mundisiyire.' Mumabwereza zomwezo basi. Mwana akatsokomola mumafulumiza."

Ndinakhala pansi pamchenga. Ndinafuna kukana, koma mawuwo ndinawazindikira ngati mmene umazindikirira nsalu yako ili pachingwe cha eni. Chimene sindinamvetse n'chakuti ankapempherayo ndani, poti ine ndinali nditasiya. Kodi pemphero limene mwini wake sakulidziwa limamveka kumwamba? Kapena anali mantha chabe ovala dzina la Ambuye? Ndipo ngati linkamvekadi, ndiye kuti Lizzie ankapuma chifukwa cha mawu amene ine ndakhala ndikuyesa kuwatseka ndi kamtengo ka machesi?

"Musalire apa, mundinyowetsera usipa," anatero Mwanabibi, n'kundipatsa dzanja.

Loweruka mayi Jestina ananditengera pansi pa mtengo wa mango, kutali pang'ono ndi ng'oma.

"Ehe, nkhani ija."

Ndinali nditakonza zonena bwinobwino: kuti ndine wa mpingo wovomerezeka, kuti khadi nali. Koma pakamwa panatuluka zina. "Ambuye, uyu yekha mundisiyire," ndinatero, mokweza, maso ali pansi. Aka kanali koyamba kuwamva mawuwo ndi makutu anga. Sindikudziwa ngati ndinkayankha mayi Jestina kapena ndinkauza mwini dzinalo.

"Mukuti chiyani?"

"Ndi zimene ndimanena, mayi. Woyamba tinaika."

Anakonza duku lawo. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Ine ndinaika atatu, koma nyimbo ndimaimba," anatero. Mawu awo sanali aukali. "Kwa a tcheyamani sindipita nazo. Koma tsiku lalikululo kudzakhala maso ambiri, osati anga okha. Vuto ndi mwanayu. Akakhala kumbuyo, mutu wanu umakhala kwa iye. Kuyambira Lolemba muzimusiya kunyumba."

"Mayi, sindinamusiyepo ndi munthu."

"Ndiye muyambe. Kapena mukufuna aphunzitsi azikagulitsa usipa?"

Bambo a Lizzie atamva anati nkhani yatha bwino, ntchito yapulumuka. Ine ndinangogwedeza mutu.

Lolemba ndinam'masula Lizzie kumbuyo n'kum'pereka kwa a Ajira, apongozi ake a Mwanabibi, amene sankavina chifukwa cha mwendo. Ndinawauza za phala, za dzuwa, za chifuwa, za kuti asayandikire madzi.

"Mwanangu, ndalera asodzi ine," anandidula. "Pitani, ng'oma zayamba."

Pabwalo ndinaima mzere wakutsogolo, pomwe mayi Jestina anandiika. Kumsana kunkapita mphepo, ndipo dzanja linkangobwerera kumbuyo kukakonza mwana amene kunalibe. Ndinaimba mokweza, liwu lililonse m'malo mwake, milomo ikuchita zimene ya anzanga inkachita. Mayi Jestina anandiyang'ana n'kuvomereza ndi mutu.

Popuma ndinam'kokera Mwanabibi pambali.

"Lero mwamva chiyani?"

"Nyimbo basi. Mwaimba kuposa tonse."

"Zina zija ayi?"

"Olo pang'ono."

Ndinayenera kusangalala. M'malo mwake mantha anandigwira: ngati milomo yasiya, ndani akumupempherera mwana wanga panopa? Ndinatseka maso pomwepo, pakati pa fumbi ndi phokoso la amayi, kuti ndinene mawuwo mwadala. Ndinangofika pa "Ambuye," ng'oma n'kuyambanso, ndipo wina anandikankha kuti ndibwerere pamzere.